Kodi kuvota nthawi ya mliri kumafalitsa matenda?

Funso: Ndine mphunzitsi wa kupulayimale. Pachisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020 ndidagwira ntchito pamalo oponyera voti. Patangotha sabata ndidadwala chifuwa, thupi kutentha, fungo osalimva, koma sindidakayezetse. Mpaka lero timatsutsana ndi alamu anga. Iwo amati chisankho chija ndicho chidamwaza Covid-19 m'dziko muno, ine ndimati matenda akadafalabe ngakhale tikadapanda kuvota. Wolondola ndani? Nanga mliri wina utagwa chisankho chili pafupi, ndidzavomere kukagwiranso ntchitoyi? Mayi anga ndi okalamba ndipo ali ndi matenda a shuga, ndidzawalole kukavota?

Yankho:

Aphunzitsi, pepani ndi matenda aja, ndipo tithokoze kuti mudachira. Zizindikiro zomwe mwatchulazo, makamaka kusamva fungo, zikufanana kwambiri ndi Covid-19 ya chaka chimenecho. Nthawinso ikugwirizana, chifukwa munthu akatenga kachilomboka ankayamba kumva kudwala pakapita masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, ena mpaka masabata awiri. Mwina mudakatengadi pantchito ija. Koma mkangano wanu ndi alamu anu sungathe ngati nonse mukuyang'ana tsiku limodzi lokha la pa 23 Juni. Chisankho ndi miyezi ya anthu kuyenda, kusonkhana, kuimba ndi kugona kwa eni, ndipo mphindi yomwe munthu amachonga pepala ndi kuliponya m'bokosi ndi kachigawo kochepetsetsa pa zonsezo. Pa nkhani ya matenda, kachigawo kameneka ndiko kosaopsa kwenikweni.

Tiyambe ndi mmene kachilombo ka korona kamayendera. Kamatuluka ndi mpweya wa munthu wodwala akamapuma, kuyankhula, kutsokomola, makamaka akamafuula kapena kuimba. Timadontho tina timagwa pompo, tina n'topepuka moti timayandama ngati utsi wa mbaula. Yerekezani kuti wina wayatsa mbaula pabwalo la sukulu: utsi upita ndi mphepo, inu mungomva kafungo. Mbaula yomweyo muilowetse m'kalasi, mutseke chitseko, mukhalemo maola anayi, aliyense atuluka maso ali psuu. Choncho poyeza kuopsa kwa malo timafunsa ngati ndi panja kapena m'nyumba, munthu wakhalapo nthawi yotalika bwanji, anthu athithikana motani, ndipo akuyankhula monong'ona kapena akukuwa. Chovuta china cha Covid-19 n'chakuti munthu amayamba kupatsira anzake tsiku limodzi kapena awiri asanadzimve kuti wadwala, ndipo ena sadzimva n'komwe. N'chifukwa chake kamakina koyezera kutentha pachipumi kamangokola ochepa.

Tsopano tamutsatani wovota wa kwathu kuno. Wafika pasukulu m'mamawa, waima pamzere panja, kamphepo ka Juni kakuwomba. Wafika patebulo, aona dzina lake m'kaundula, amudinda inki pachala, walandira pepala, wachonga, waponya, wapita kumunda kapena kumsika. Pamaso pa ogwira ntchito wakhalapo mphindi zowerengeka. Malo athu ambiri ovotera amakhala pabwalo kapena pansi pa mtengo, ndipo pa matenda oyenda mumpweya chimenechi ndi mwayi womwe maiko ozizira, ovotera m'maholo otseka, alibe. Anthu ambiri ankaopa cholembera chogwirizana ndi inki ya pachala. Kafukufuku wa pambuyo pake adaonetsa kuti kutenga Covid-19 pogwira zinthu kumachitika mwa apo ndi apo poyerekeza ndi kupuma mpweya wa wodwala. Kusamba m'manja n'kwabwino, koma tidaika mtima wonse pa ndowa ndi sopo pomwe mdani ankadzera pamphuno.

Nanga inu? Mudafika usiku wa dzulo lake kudzalandira zipangizo, mwina mudagona m'kalasi momwemo pamodzi ndi anzanu, apolisi ndi asilikali. Kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo nkhope mazanamazana zidadutsa pamaso panu, aliyense akuwerama kuti akuuzeni dzina, ena kubwereza mokweza chifukwa cha phokoso. Masiki mudaigwetsera pachibwano kuti agogo akumveni. Dzuwa litalowa, matebulo adalowa m'kalasi chifukwa cha mdima ndi chisanu. Pamenepo ndiye pamene ine ndimaloza chala. Nyali imodzi pakati, mitu ya anthu makumi awiri kapena kuposa itaunjikana pa nyaliyo, mamonitala a zipani atatsamira pamapewa panu kuti aone pepala lililonse, wina akukuwa kuti voti iyo ndi yoonongeka, wina akukana, ndipo palibe amene akufuna kutuluka ngakhale kukapuma mpweya, pakuti aliyense akukumbukira tipeksi wa 2019. Maola atatu, anayi, asanu. Kenaka ulendo wopita kukapereka zotsatira, muli phathiphathi m'galimoto mawindo otseka, kukafikanso m'holo ina yodzaza. Ngati mudatenga matenda pachisankho, ndimakayikira kwambiri usiku umenewu kuposa tsiku lonse la pamzere.

Ndiye pali kampeni. Ine chomwe chimandidetsa nkhawa pa msonkhano wa ndale si bwalo lenilenilo, popeza ndi panja, koma njira yopitira ndi yobwerera. Ndidaima pamsewu tsiku lina miyezi imeneyo ndikuona lole ikudutsa, amayi atavala nsalu za chipani ali thithithi, wina atakhala pamiyendo pa mnzake, nyimbo ili pakamwa, nthungululu zili m'mwamba, pakati pawo gogo wina atagwira chitsulo ndi manja onse awiri. Anthu amenewa atengedwa m'midzi isanu ndi umodzi yosiyana, akaimbirana kumaso kwa ola lathunthu, akakumana ndi ena ochokera m'maboma atatu, madzulo aliyense abwerera kwawo. Akuluakulu a chipani nawo, amene lero ali ku Karonga, mawa ku Kasungu, mkuja ku Mangochi, amagwirana chanza ndi mafumu, kudya nawo m'nyumba, kugona m'malo ogona alendo. Mliri umakonda munthu woyenda chotere. Umamugwiritsa ntchito ngati mtengatenga.

Zomwe zidachitika m'maiko ena zimatsimikiza kusiyana kumeneku.

Dziko la South Korea lidavota pa 15 Epulo 2020, maiko ambiri ali pam'bindikiro. Anthu pafupifupi 29 miliyoni adaponya voti, 66 pa 100 alionse olembetsa, chiwerengero chomwe chinali chisanafikidwepo pachisankho cha aphungu kuyambira 1992. Wovota aliyense adavala masiki, adayezedwa kutentha, adapaka sanitayiza, adavala magolovesi apulasitiki, ndipo pamzere ankatalikirana mita imodzi. Wotentha thupi kupitirira madigiri 37.5 ankavotera pamalo akeake. Omwe anali pam'bindikiro adapatsidwa nthawi yawo ena onse atamaliza, itakwana 6 koloko madzulo. Chachikulu n'chakuti woposa mmodzi mwa anayi alionse adavoteratu pa 10 ndi 11 Epulo, motero tsiku lenilenilo mizere idachepa. Patatha masabata awiri akuluakulu a zaumoyo adalengeza kuti sadapeze wodwala aliyense amene adatengera matendawa povota. Tisaiwale kuti pa nthawiyo anali atachepetsa kale mliri m'dziko mwawo mwa kuyeza anthu ambiri ndi kutsata omwe adakhudzana ndi odwala. Pamzere panali odwala ochepa chiyambire.

Sabata imodzi m'mbuyo mwake, pa 7 Epulo, mzinda wa Milwaukee m'chigawo cha Wisconsin ku America udachita zosiyana. Ogwira ntchito ambiri, omwe anali achikulire, adakana kubwera poopa matenda, ndipo malo ovotera adatsika kuchoka pa 180 kufika pa 5 okha. Anthu adaima pamzere maola. Kafukufuku wina adapeza kuti madera a Wisconsin omwe anali ndi ovota ambiri pa malo amodzi adaona odwala akuchuluka patatha masabata awiri kapena atatu, pomwe kafukufuku wa bungwe la boma loona za matenda la CDC sadapeze kukwera koonekera mu Milwaukee momwemo, mwa zina chifukwa anthu ochuluka adavota kudzera pa positi. Phunziro lomwe ine ndimatengapo n'lakuti kuchepetsa malo ovotera poopa mliri n'kudzitchera msampha wekha. Malo ayenera kuchuluka kuti anthu amwazikane.

Umboni womwe ndimaukhulupirira kwambiri udachokera ku Czech Republic. Kumeneko pachisankho cha nyumba ya malamulo yotchedwa Senate sivota dziko lonse nthawi imodzi, limavota gawo limodzi mwa magawo atatu. Mu Okutobala 2020, mliri ukukwera, madera ena adabwerera kukavota ulendo wachiwiri pomwe oyandikana nawo adakhala kunyumba. Ofufuza adangoyerekeza magulu awiriwa, ndipo adapeza kuti m'madera omwe adavota odwala adachuluka msanga m'masabata otsatira. Choncho musawauze alamu anu kuti kuvota kulibe vuto lililonse. Matenda akachuluka pakati pa anthu, ndipo mavoti akuponyedwa m'zipinda zotseka nyengo yozizira, ngakhale tsiku lovotalo limawonjezera nkhuni pamoto.

Koma komwe kudapsa kwenikweni n'komwe kampeni idachitika ngati kulibe mliri. Chigawo cha Sabah ku Malaysia chidavota pa 26 Seputembala 2020. Andale ndi otsatira awo adakhamukira kumeneko kuchokera ku Kuala Lumpur ndi madera ena, adayenda khomo ndi khomo, kenaka adakwera ndege kubwerera kwawo osakhala pam'bindikiro. Dziko lomwe lidaugwira bwino mliri kwa miyezi ingapo lidagwa m'funde lalikulu, ndipo nduna yaikulu ya nthawiyo, Muhyiddin Yassin, idavomera poyera kuti chisankho cha ku Sabah chinali chimodzi mwa zoyambitsa. Ku India zidafika pomvetsa chisoni. Chigawo cha West Bengal chidavota m'magawo asanu ndi atatu kuyambira pa 27 Malichi mpaka pa 29 Epulo 2021, misonkhano ikuluikulu ikuchitika pomwe mtundu wa kachilombo wa Delta unkafalikira. Kumayambiriro kwa Meyi dziko lonse linkapeza odwala atsopano oposa 400,000 patsiku. Khothi lalikulu la Madras lidadzudzula bungwe loyendetsa zisankho ndi mawu owawa chifukwa cholekerera misonkhanoyo. Ndipo nkhani yomwe ikukhudzani inu mwachindunji ndi ya ku Uttar Pradesh, komwe aphunzitsi adatumizidwa kukayendetsa zisankho za m'midzi mu Epulo chaka chomwecho: bungwe lawo lidati anzawo oposa 1,600 adamwalira ndi Covid-19 atagwira ntchitoyi, ngakhale boma poyamba lidatsutsa chiwerengerocho. Nthawi zonse ndikakumbukira nkhani imeneyi ndimaganiza za aphunzitsi a kuno, chifukwa nafenso zisankho zathu zimasenzedwa ndi inu.

Tibwere kwathu. Khothi lidathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 Febuluwale 2020, n'kulamula kuti chibwerezedwe m'masiku 150. Odwala Covid-19 oyamba m'Malawi adalengezedwa pa 2 Epulo. Boma lidafuna kukhazikitsa m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, koma bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC lidakatenga chiletso kukhothi, ndipo amalonda m'misika anali atachita kale zionetsero kufunsa kuti adya chiyani. Kampeni idayenda ndi misonkhano yodzaza mbali zonse. Anthu oposa 4.4 miliyoni adavota. Patsiku lovota, odwala otsimikizika chiyambire anali asanafike 1,000. Pofika kumapeto kwa Julayi anali cha m'ma 4,000. Mwambo waukulu wolonga pulezidenti watsopano womwe udakonzedwa pa 6 Julayi ku Bingu National Stadium udachepetsedwa n'kusamutsidwira ku Kamuzu Barracks chifukwa cha kukwera kwa matendawa. Alamu anu akamayang'ana manambala amenewa ali ndi chifukwa chonenera zomwe amanenazo.

Koma miyezi yomweyo munachitika zinthu zina zomwe zinkakoka chingwe chomwecho. Kumapeto kwa Meyi mabasi adayamba kubwera ndi abale athu omwe ntchito zidawathera ku Joni, komwe mliri unali utakula kale. Ena mwa iwo adapezeka ndi kachilomboka pa chipata cha Mwanza, ndipo oposa 400 omwe adasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre adachokapo zotsatira zawo zisanatuluke, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Sindikuwaimba mlandu, munthu wothawa njala kwa eni amafuna kwawo. Malo oyezera matendawa nawo ankawonjezeka m'miyezi imeneyo, ndipo ukachulukitsa oyeza umachulukitsanso opezeka. Juni ndi Julayi ndi nyengo yachisanu, anthu amatseka mawindo. Misika, maliro ndi maminibasi sizidaime. Palinso kafukufuku amene adachitika ku Blantyre pakati pa Meyi ndi Juni 2020, chisankho chisanachitike, poyeza magazi a anthu 500 ogwira ntchito zachipatala: pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi atatu alionse anali ndi chizindikiro chakuti adadwalapo kale Covid-19. Kachilombo kanali katayenda kale pansipansi kuposa momwe manambala a boma ankaonetsera. Ndipo funde lomwe lidatipweteka koposa lija la Januwale 2021, lomwe lidatenga nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama pa 12 Januwale, lidabwera popanda chisankho cha dziko lonse. Lidatsatira maulendo ndi zisangalalo za Khirisimasi komanso mtundu watsopano wa kachilombo wa Beta.

Ndiye chigamulo changa pa mlandu wa pabanja panu ndi ichi: inu mukulondola kuti matenda akadafalabe, alamu anu akulondola kuti nyengo ya chisankho idawathamangitsa. Pomwe ndikusiyana nawo m'pakuti iwo akuloza bokosi la mavoti, ine ndikuloza malole, misonkhano, zipinda zowerengera mavoti ndi zikondwerero za pambuyo pake.

Ena amati njira yachidule n'kungoimitsa chisankho. Maiko ndi zigawo pafupifupi 80 adachitadi zimenezi m'zaka ziwiri zoyamba za Covid-19, ndipo nthawi zina n'zoyenera. France idavota gawo loyamba la zisankho za makhansala pa 15 Malichi 2020, patangotha masiku awiri dziko lonse lidatsekedwa, ndipo gawo lachiwiri lidadikira mpaka pa 28 Juni. Liberia idasuntha chisankho cha Senate kuchoka mu Okutobala kufika mu Disembala 2014 chifukwa cha Ebola. Koma kuimitsa nako kuli ndi maliro ake. Ethiopia itaimitsa chisankho cha mu Ogasiti 2020, chigawo cha Tigray chidakana n'kuchititsa chake mu Seputembala, ndipo mkanganowo udali umodzi mwa zomwe zidakolezera nkhondo yomwe idabuka mu Novembala. Ku DR Congo mu Disembala 2018 anthu a ku Beni ndi Butembo adawaletsa kuvotera pulezidenti ponena za Ebola, anthu adakwiya, malo ena othandizira odwala adaonongedwa, ndipo ambiri adayamba kukhulupirira kuti Ebola ndi bodza la andale. Kwa ife a zaumoyo palibe chopweteka ngati chimenecho. Anthu akangoganiza kuti matenda akugwiritsidwa ntchito pofuna kukakamira mpando, amasiya kumvera chilichonse chomwe tinganene, ngakhale choona. Tidazionanso kuno mu 2020, pomwe ambiri ankati korona ndi nkhani ya ndale. Ine ndikadafunsidwa, ndikadati chisankho chichitike koma misonkhano ikuluikulu iletsedwe kwa zipani zonse mofanana, kampeni ipite pa wailesi ndi m'timagulu tating'ono ta panja. Mawu akuti mofanana ndiwo mutu, chifukwa lamulo likagwira otsutsa okha pomwe olamula akusonkhanitsa anthu m'dzina loyendera chitukuko, lasanduka chibonga.

Kumbukiraninso kuti mliri wotsatira sungakhale wa mumpweya. Kolera yomwe idayamba mu 2022 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kolera sasamala za masiki. Kwa iyo choopsa ndi madzi a m'mapepala ogulitsidwa pamsonkhano, chakudya chophikira khamu, ndi chimbudzi chimodzi cha pasukulu chogwiritsidwa ntchito ndi anthu mazanamazana popanda mpondagiya pakhomo pake. Ebola imadzera pokhudza madzi a m'thupi la wodwala, ndipo munthu sapatsira ena asanayambe kuonetsa zizindikiro, choncho pamenepo kuyeza kutentha pachipata kumathandizadi. Funso loyamba nthawi zonse likhale lakuti matenda amenewa amayenda bwanji.

Za inu kukagwiranso ntchito: ngati mulibe shuga, BP, mphumu kapena matenda ena ofooketsa thupi, simuli oyembekezera, ndipo katemera wa matendawo mwabaya ngati alipo, ndingakuuzeni kuti pitani. Mu Juni 2020 katemera kunalibe, adafika kuno mu Malichi 2021, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Koma pitani ndi mawu okanena ku maphunziro a ogwira ntchito. Pemphani kuti maphunzirowo achitikire panja kapena m'timagulu. Tebulo lanu likhale pomwe mphepo ikudutsa, ndipo pakati pa inu ndi wovota pakhale desiki yowonjezera kuti asakuweramireni kumaso. Tengani mamasiki atatu kapena anayi, chifukwa ikanyowa yatha ntchito, ndipo ya N95 yogwira bwino pamphuno imaposa yansalu kutali. Pakudya nkhomaliro musaunjikane m'kalasi, aliyense apeze mthunzi wake. Powerengera, limbikirani kuti zichitikire pakhonde kapena chitseko ndi mawindo zili pululu, anthu avale majuzi, ndipo nyali zikhale zingapo kuti mamonitala aone pepala ali chapatali osakupumirani m'khosi. Mukadzuka ndi chifuwa tsikulo, imbani foni kwa woyang'anira kuti apeze wina, ngakhale alawansi ikupwetekeni mtima.

Za mayi anu, ufulu ndi wawo, ndipo chiganizo chomaliza n'chawo. Kuno kulibe kuvota pa positi, choncho akafuna kuvota ayenera kufika iwo eni pamalo ovotera. Shuga ndi ukalamba zimawaika pagulu la omwe Covid-19 imawagwetsa kwambiri, koma ulendo wawo ungathe kukonzedwa kuti ukhale waufupi. Asapite m'bandakucha pomwe aliyense amathamangira kuti akhale woyamba, apite chakumasana mzere utaphwa. Okalamba, amayi oyembekezera ndi aulumali amaloledwa kutsogola, ndiye wowaperekeza akangofika akalankhule ndi woyang'anira malowo. Ayende pansi kapena pa kabaza m'malo mwa minibasi yodzaza, avale masiki kuchokera pakhomo mpaka kubwerera, adye ndi kumwa mankhwala awo asananyamuke, ndipo akavota asatsalire kucheza pagulu. Ku misonkhano ya kampeni ndiye ayi, nsalu ya chipani wina akawatengere.

Koma chiopsezo chachikulu kwa mayi anu si mphindi khumi zomwe akhale pasukulupo. Ndi inuyo, pobwera kunyumba m'mawa mwake mutakhala usiku wonse m'chipinda chodzaza anthu. Kwa sabata yathunthu kapena masiku khumi musagone chipinda chimodzi ndi iwo, musadyere nawo mbale imodzi, mukamacheza muzikhala panja, ndipo ngati kuli kotheka akakhale kaye kwa mchemwali wanu. Mukangomva kukhosi kukanda kapena thupi kuphwanya, nthawi ino pitani mukayezetse tsiku lomwelo, ndipo muuze anzanu onse amene mudawerenga nawo mavoti.